Mbira zanu zamva njinga, Ababa

Ababa, lero achimwene atulutsa njinga yanu ija koyamba chitisiyireni. Tcheni itangolira pakhomo, mbira zanu zonse kukhitchini zinayamba kulira, zina kuimirira ndi miyendo iwiri, kudikira masamba a kabichi amene munkazitengera kuhotela komwe munkagwira ntchito ku Makokola. Amama anangosiya tsache n'kulowa m'nyumba.

Ndakumbukira Ramadani ija munafika kukhosi kuli gwa, nthawi yomasula itakwana kale, tonse tili pamkeka kukudikirani. Inu osamwa ngakhale madzi, munapita kukagwada pakhola la mbira kukhitchini. Amama anakuwa, "Bambo inu, futali akuzizira!" Munayankha muli chogwada, "Tadikirani, mayi. Ife tamanga mwakufuna kwathu, nanga izi wazimangitsa ndani?" Kenaka munandiitana n'kundiikira m'manja mbira ya bere ija, mumvekere, "Chirikiza kumimbaku, si khoswe ameneyu."

Zilipo, Ababa, ndipo zaswana. Amama akhala akunena kuti tingozigawa, zimangowakumbutsa zambiri. Koma masanawa ndawapeza atagwada pamalo panu pomwe paja, akuzipatsa makoko a nthochi, tiyi wawo akuzizira pamkeka. Allah akuwalitsireni manda anu.