Mkuyu wa Kumanda Kwathu

Ndikauza anthu kuti ntchito yanga ya zachilengedwe ndinaiphunzirira pa maliro, amayesa nthabwala. Amayembekezera kumva za matenti ndi majombo m'nkhalango ya Dzalanyama. Kumeneko ndinapitako ndithu, koma zitsa ndi utsi wa makala zinkandidwalitsa mtima. Pobwerera, nditakhala kumbuyo kwa lole, ndinkayang'ana minda ya chimanga ndi fodya kuchokera ku Malingunde mpaka ku Mitundu. Paliponse pamene pankaoneka kankhalango kowirira pakati pa minda, pamenepo panali pamanda. Mikuyu, mbawa ndi misuku zinatsala kumanda kokha, chifukwa nkhwangwa imaopa akufa kuposa mmene imaopera boma.

Ndinaganiza kuti kafukufuku wanga akhale wa mbalame zotsala m'tinkhalango timeneti, makamaka nkulukulu. Ndi mbalame yobiriwira, ya tsumba pamutu, ndipo ikatambasula mapiko mumaona kufiira ngati makala a moto. Kulira kwake n'kosasa mawu, sungakusokoneze ndi kwa ina.

Mafumu anandilandira bwino, mpando ndi madzi akumwa, koma yankho linali limodzi. Kumanda salowako wamba, kwina n'kudambwe kumene kumatulukira gule, ndipo munthu wamkazi amapondako pa maliro pokha. Ndinabwerera kwathu ku Nathenje nditatupa ndi mkwiyo, n'kuwakhuthulira Amayi zonse.

Amayi anali munthu wamfupi, wamasiye kuyambira ndili kusekondale, wa pakamwa posagona. Anandimvetsera akusola mtedza, kenako anati, "Ndiye vuto lili pati? Anthu asiya kufa?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke.

"Tizipita limodzi," anatero. "Koma usakandichititse manyazi. Magalasi ako oonera pataliwo atsale, cholembera chitsale. Maliro n'kulirana. Ukafika utunge madzi, usonkheze moto, ukhale ndi anamfedwa. Ntchito yakoyo agwire ndi makutu."

Ndinabwereranso kwa mafumu kukawauza maganizo amenewa, chifukwa sindinkafuna kuba. Mmodzi anangoti, "Makutu ndiye sitingakulandeni, mayi."

Tinayamba choncho. Uthenga wa maliro ukamveka, kaya ndi kufupi ndi Nathenje kaya ndi kutsidya kwa Mitundu, Amayi ankapeza chibale ndithu. Ngati womwalirayo sanali wa mpingo wathu, ndiye kuti mlamu wake anagulapo nkhumba kwa malemu bambo anga. Tinkanyamula kambale ka ufa, kumanga duku, n'kukwera kabaza, iwo patsogolo akukalipira wopalasa kuti akuwagwedeza chiwindi.

Tsiku loyamba ndinabwerako mutu uli mbuu. Ndinamva mbalame zambiri, koma pofika kunyumba ndinali nditasokoneza zonse. Amayi ndiwo anapeza nzeru. Anatenga nyemba zoyera, nandolo, khobwe, nzama ndi nyemba zofiira, mbewu iliyonse kuimira mbalame yake, n'kuzimanga pa nsonga ya chitenje changa. Ndikamva pumbwa ndinkasuntha nyemba yoyera kupita pa mfundo ya nsonga inayo, ndikamva njiwa, nandolo. Zofiira zinali za nkulukulu. Woyang'ana ankangoona mzimayi woweramitsa mutu akuseweretsa chitenje, monga achitira aliyense pa maliro. Kunyumba tinkakhuthulira mu lichero, ine n'kulemba, iwo n'kuthira nyembazo mumphika. Ankati ndiwo za ku yunivesite sizichedwa kupsa.

Ndimazisowa zaka zimenezo, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndimasowa maliro a anthu ena. Ndimasowa kukhala pansi pa masamba ouma, phewa langa litagunda la Amayi, nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono, m'mwamba mbalame zili pa zawo. Mlaliki akatalikitsa, ena ankadandaula njala, koma Amayi ankandinong'oneza kuti, "Lero abusa akugwirira ntchito iwe." Nkulukulu ikalira ankanditsina pantchafu osatembenuka n'komwe, pakamwa akuimbabe. Ndimasowanso ulendo wobwerera, fumbi lili m'mano, tikudya chimanga chootcha pa msika wa Mitundu, iwo akufotokoza amene analira zenizeni ndi amene anabwerera nyama. Ndipo nanenso ndinkalira nawo. Sungatungire banja madzi tsiku lonse n'kukhala ndi maso ouma bokosi likamatsika.

Zimene nyembazo zinandiuza sizinali zovuta kumva. Nkulukulu inkapezeka kokha kumene kunatsala mkuyu waukulu wobereka. Kumene mkuyu unagwa, nyemba yofiira inkabwerera ili pa mfundo yomwe inachokera. Ndinalemba zimenezi, ndinapata nazo digiri, kenako ntchito. Kwa zaka zambiri ndinayenda m'misonkhano ya mafumu ndi adzukulu, anthu okumba manda aja, kuwapempha kuti pokumba azitalikira mikuyu, chifukwa mtengo wokalamba ukaudula mizu umafa uli chiimire. Ndinkalankhula mokalipa, mpaka anandipatsa dzina loti mayi wa mikuyu.

Manda a kwathu ndiwo ndinkanyadira. Pakati pake panali mkuyu umodzi waukulu, ndipo nkulukulu ziwiri sizinkachokamo. Pansi pa mkuyu womwewo panagona mchimwene wanga amene sindinamuone, mwana woyamba wa Amayi. Anamwalira ndi chikuku atangoyamba kuthamanga, ine ndisanabadwe. Amayi sankamutchula kawirikawiri, koma pa maliro a m'mudzi mwathu maso awo ankathera pa kamtumbira kameneko.

Tsiku lina tikuchokera kumandako anati, "Ine mudzandigoneke pafupi ndi mwana wanga. Wakhala yekha nthawi yaitali."

"Amayi, pamene paja pali mizu yokhayokha," ndinatero.

"Iwe ndi mbalame zako mudzaona chochita."

Ananenanso kangapo m'zaka zotsatira, kwa ine ndi kwa amalume, mlongo wawo. Ine ndinkangoseka n'kusintha nkhani, poti munthu amene akukalipirabe a kabaza sumuganizira za manda.

Amayi anamwalira anthu atangomaliza kukolola, atadwala masiku ochepa. M'mawa wa tsiku loika, ndili m'nyumba ya siwa pakati pa azimayi, anandiuza kuti amalume akundifuna panja. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe, chipewa chili m'manja.

"Mphwanga, adzukulu aima," anatero. "Ayamba pamene ananena mayi ako, koma akumana ndi mizu yonenepa ngati ntchafu. Akuti pali ziwiri, kuidula kapena kusamukira kumapeto, kumene kuli ziliza zatsopano. Akuti tifunse iwe, poti mawu oletsa aja anachokera kwa iwe."

Sindinafunike kupita kukaona. Mkuyu uja ndinkaudziwa ngati chikhatho changa. Mbali ya kuzambwe mizu yake inali itadulidwa kale ndi manda akale, ndipo imene inatsala ndi yomweyo imene adzukulu anaipeza. Ndinkadziwanso kuti mkuyu wina wobereka unali kutali, kupitirira minda yambiri yopanda mthunzi. Ndinaganiza za misonkhano yonse ija. Kenako ndinaganiza za Amayi atagona kumapeto, padzuwa, pakati pa simenti ya anthu ena, mwana wawo ali uko.

"Akumbe pomwepo," ndinatero.

"Wamvetsa? Mtengo uja sukhala."

"Ndamvetsa, amalume. Mwini wake ananena kale."

Amalume anavala chipewa n'kunyamuka. Patapita kanthawi ndinamva nkhwangwa chapatali. Azimayi anakweza nyimbo, koma nkhwangwayo ndinkaimvabe.

Masana titafika kumanda ndinaona mizu itaunjikidwa pambali, utomoni woyera ukudontha podulidwapo. Palibe mdzukulu amene anandiyang'ana kumaso. Dzenje linali logundana ndi kamtumbira ka mchimwene wanga, moti wogona m'menemo akanatha kutambasula dzanja n'kumukhudza. Abusa ali pakati pa pemphero, nkulukulu inalira pamwamba pathu penipeni, inzake n'kuyankha. Ndinadikira kutsinidwa pantchafu. Pamenepo m'pamene ndinalira mokuwa, mpaka azakhali anandigwira.

Mkuyu unayamba kuyoyola masamba mbali imodzi, kenako unasiya kubereka. Mvula itagwa kangapo unauma wonse, ndipo nthambi zake zinathera pa moto wa maliro ena. Mbalame zija zinapita, sindidziwa kuti. Pa mapu amene ali pakhoma mu ofesi yanga, manda a kwathu ndinawasamutsa ndekha kuwaika m'gulu la opanda nkulukulu. Ophunzira anga akafunsa chimene chinachitika ku Nathenje, ndimawauza kuti mtengo unauma, ndipo si bodza.

Misonkhano ndimapitabe, ndipo ndimapemphabe adzukulu kuti azitalikira mikuyu, ngakhale masiku ano ndimayamba ndafunsa amene anagona pansi pake. Atandifunsanso amalume lero, ndingayankhe chimodzimodzi. Koma zimandiwawa, ndipo sindinapeze munthu womuuza kuti zimandiwawa bwanji, chifukwa amene akanamvetsa n'kundiseka ndi amene ali pansi pa chitsacho.

Tsopano tili ndi timakina tojambula mawu timene mafumu ena amalola adzukulu kutipachikira m'mitengo, ndiye nyemba sizifunikanso. Komabe maliro akachitika m'mudzi mwathu ndimamanga nyemba yofiira imodzi pa nsonga ya chitenje. Ndimakhala pafupi ndi mitumbira iwiri ija, n'kutchera khutu mpaka nyimbo yomaliza. Nyembayo imabwerera kunyumba ili pa mfundo yomweyo.