Malalanje a Mkamwini

Ndikukumbukira bwino lomwe dimba la malemu bambo anga, a Yolamu Mwale, limene linali m'dambo la kumunsi kwa mudzi wathu, kufupi ndi Mkaika m'boma la Katete. Ndati "la bambo anga" mwa chizolowezi chabe. Malinga ndi mwambo wa makolo, malowo anali a mtundu wa amayi, pakuti bambo anachokera ku Vubwi kudzakhala chikamwini.

Poyamba ndiyenera kufotokoza khalidwe la munthuyu. Nyumba ankaiona ngati malo osungiramo mbewu ndi ana. Mame asanaume ankakhala atafika kale kudimba, ndipo pobwerera malaya awo ankanunkha utsi, matope ndi masamba a anyezi. Anakumba okha zitsime ziwiri, namanga mpanda wa minga umene ngakhale mbuzi za abusa zinaulephera. M'mitengo ya m'mbali anapachikamo ming'oma ya njuchi. Lamulungu ankakhala pa benchi la pakhomo penipeni pa tchalitchi, ati kuti apitidwe mphepo, koma amayi ankati cholinga chinali kuyang'ana mitambo.

Cholakwa chawo chinali chimodzi: anabzala mitengo ya malalanje khumi ndi iwiri. Mkamwini wanzeru nthawi imeneyo ankabzala chimanga, mtedza ndi thonje, mbewu zimene zimatha ndi chaka. Mtengo umakhalitsa kuposa ukwati, choncho wobzala mtengo pa nthaka ya eni ankaganiziridwa kuti akufuna kuzika mizu. Atsibweni anga a Gidiyoni, mlongo wa amayi amenenso anali mwini mbumba, anawachenjeza kawiri. Bambo anangoseka, napitiriza kuthirira mitengoyo ndi ndowa kwa zaka zinayi, ine ndi mlongo wanga Esinati tikuwatutira manyowa.

Chaka chimene mitengoyo inachita maluwa koyamba, amayi anadwala masabata atatu n'kumwalira. Ndinali giledi faifi. Fungo la maluwawo linkafika mpaka pa nyumba ya siwa, ndipo ndimadana nalo kufikira lero.

Patapita mwezi, abale anasonkhana pabwalo la nyumba yathu kuti asudzule bambo, ndiko kuwamasula kuti abwerere kwawo. Bambo anakhala pansi, chipewa chili pabondo. Sanakane. Anapempha chinthu chimodzi.

"Alamu, ndiloleni ndikhale kufikira malalanje apse. Ana alawe ine ndilipo."

"Apsa okha, alamu," anayankha atsibweni. "Kapena mumawapsetsa ndinu?"

Ena anaseka. Pamenepo bambo anapempha kuti apite nafe ife ana awiri. Atsibweni anatembenukira kwa ine.

"Iwe Fakisoni, auze atate ako. Kwanu n'kuti?"

"Kuno," ndinatero.

Yankho limeneli linali lolondola malinga ndi mwambo, ndipo ndinalipereka mwachangu monga mwana wofuna kuyamikiridwa m'kalasi. Bambo anandiyang'ana, nagwedeza mutu movomereza, navala chipewa chawo.

M'mawa mwake anatsikira kudimba. Anathirira mitengo yonse, nakonza pamene mpanda unagwa, kenaka anamangirira khasu ndi nkhwangwa panjinga. Anandiuza kuti ndisamayandikire njuchi nditasamba ndi sopo wonunkhira. Amenewa ndiwo mawu omaliza amene ndinamva kwa iwo.

Malalanje anapsa. Anali otsekemera, ndipo ndikuvomereza mwamanyazi kuti ndinadya. Pasanathe zaka zitatu ng'ombe zinaswa mpanda, zitsime zinagumuka, njuchi zinasamuka, popeza pakati pa eni nthaka panalibe wofuna kuponda matope. Ku Vubwi bambo anapeza minda ya kwawo itagawidwa kale. Anamaliza moyo wawo akulima m'minda ya eni, nthawi zina kutsidya la malire a dziko. Uthenga wa imfa yawo unatipeza maliro ataikidwa.

Masiku ano zinthu zasintha. Amuna ambiri amatenga akazi kupita nawo kwawo, monga ndinachitira inenso, ndipo dzina la bambo limalembedwa pa chikalata chilichonse cha mwana. Pamanda pamamangidwa ziliza zonena mbiri ya munthu. Mwa anthu amene anaseka tsiku lija, amene adakali moyo amati mwambo wakale unali wankhanza, ngati kuti unkachitidwa ndi alendo.

Chaka chatha ndinagula matumba awiri a simenti ndi kupita ku Vubwi kuti ndikamangire bambo chiliza. Mkulu wina woyang'anira manda ananditsogolera ku mitumbira isanu yofanana, yomera udzu, nati, "Ndi umodzi mwa imeneyi, bambo. Sankhani."

Sindinasankhe. Ndinabwerera nayo simentiyo ku Katete, ndipo inaumira m'matumba momwemo.