Mtengo wa Malume Wakana Masamu

Malume anga anthu amawatcha Chagada, ndipo dzinali analikhetsera thukuta. Moyo wawo wonse ankayeza mitengo m'nkhalango. Ankaima patsinde n'kumayenda chafutambuyo maso ali kumwamba, mpaka pamene nthambi yomaliza yathera. Apo ankakhoma chikhomo n'kukoka tepi. Manambalawo ankapita ku ofesi, komwe ankapanga masamu oti ukangoyeza kunenepa kwa thunthu udziwiretu kuti nthambi zidzatambasuka mpaka pati.

Ntchitoyo inawaumitsa khosi. Maenje onse a m'nkhalangomo anawadziwa ndi msana. Ine, poti ndinali wamfupi, ndinakula akundizindikira ndi mawu.

Atamanga nyumba anadzala kamtengo pabwalo. Akazi awo, azakhali, anati kayandikira khoma.

"Inu, masamu sanama," anatero malume, n'kukhoma chikhomo patali ndi khonde. "Nthambi zidzathera apa."

Anaiwala kuti masamuwo anachokera ku mitengo yothithikana, yomwe imakulira mogundana zigongono. Wa pabwalowu unalibe mnzake woulanda dzuwa. Unadutsa chikhomo, unadutsa khonde, n'kukagona padenga la kuchipinda. Mphepo ikangoti pang'ono, nthambi inkakwecha malata, kwee, kwee, azakhali tulo osationa.

Malume atapuma pantchito, mtengowo ndiwo unatsala nkhalango yawo yonse. M'mawa uliwonse ankauzungulira ndi tepi, akung'ung'udza kuti masamu ali bwinobwino, wosamva ndi mtengo.

Azakhali zinawakwana.

"Bambo, sankhani. Mtengo kapena ine."

Malume anayamba aganiza kaye, ndipo kuganizako ndi kumene kunaipitsa zinthu. Azakhali anaitanitsa wamacheka.

Tsikulo ndinalipo. Wamacheka akuliza makina ake, malume anakhala pakhonde, manja m'masaya, maso ali pa zala za kumapazi. Azakhali anatuluka ndi beseni la zovala n'kungoti chilili.

"Kodi dazili linayamba liti?"

Chikwatiranire anali asanawaonepo amuna awo pamwamba pa mutu. Ankangodziwa chibwano ndi mabowo a mphuno. Malume sanadzutse mutu. Ine kuseka kunandithera, ndinawamvera chisoni.

Azakhali anaika beseni pansi.

"Achimwene, zimitsani chinthucho," anauza wamacheka. "Poti mwabwera kale, tithandizeni kunyamula bedi."

Lero amagona kuchipinda cha kuseri, komwe kunkagona ana. Sabata yatha malume anayezanso, ndipo anabwera kudzanena monyadira kuti nthambi ina yalunjika komweko. Ndinawafunsa azakhali kuti ikafika atani.

"Zipinda zilipo, ana anachoka," anatero akuanika zovala pachingwe chomwe anamanga ku mtengo womwewo. "Bola munthuyu aziyang'ana kumwamba."