Benchi la akuntchito

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kukwaya. Esnart, mnzanga amene tinkaimba naye limodzi, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 47. Tsiku lina titamaliza kuphunzira nyimbo anandikokera pambali, akuti mwana wa abwana ake wabwerako kusukulu kunja, watsegula bizinesi m'galaja, ndipo akufuna mtsikana wodziwa kuyankha foni mwaulemu. Apo n'kuti ine ndikungodya za akulu anga, satifiketi ya Folomu 4 ikuchita nkhungu m'sutikesi. Mawa lake ndinapita nditabwereka nsapato.

Bizinesiyo inali ya gasi wophikira. Munthu amaitanitsa pafoni, ife n'kumutumizira silinda yodzaza panjinga yamoto, wanjingayo n'kubwerako ndi yopanda kanthu. Eni ake, a Kondwani, anali mnyamata wojijirika, woyankhula akuyenda, ndipo anandiphunzitsa okha. Silinda umaiika pasikelo, n'kuchotsera kulemera kwa chitsulo kumene kwalembedwa pakhosi pake, chotsalacho ndiye gasi. Kenako umapaka thovu la sopo pavalavu ndi kasiponji. Thovu likayamba kutupa ndiye kuti ikutaya mpweya, imeneyo ipite panja, kutali ndi zinzake. Ikakhala bwino umaiveka kapulasitiki kotseka pakamwa, n'kusankha pa tabuleti wanjinga amene ali pafupi. Chomaliza n'kuimbira kasitomala kuti alongosole njira. Apa ndiye pamafunika mtima, chifukwa aliyense amati “geti lakuda”, pamene msewu wonsewo mageti ndi akuda okhaokha.

Tinali ochepa, okwana pamphasa imodzi. Masana tinkagawana tchipisi pansi pa mtengo wa mango, abwana omwe, ndipo iwo ankakonda kunena kuti, “Pano ndife banja limodzi.” Sanali kunama. Mwana wa a Nkhoma, alonda athu, atamwalira, a Kondwani anatseka galaja, tonse tinakwera kumbuyo kwa pikapu mpaka kumudzi kwawo. Anatikhazika pabenchi lathulathu, ndipo woyendetsa mwambo ataitana akuntchito, a Kondwani anaimirira n'kuyankhula. Nditapita kwathu ku Mitundu nkhani imeneyi ndinaifotokoza monyadira, amayi ndi a malume akumvetsera. Amayi anati, “Mwanawe, wapeza anthu. Uwagwiritse.”

Kenaka zinthu zinayamba kuthamanga, abale! Magetsi ankazimazima, makala akwera mtengo, aliyense akufuna gasi. Anthu ena akunja anaikamo ndalama zawo. Ofesi inasamukira ku City Centre, m'nyumba yosanja ya magalasi, ndipo sabata iliyonse kumabwera nkhope zatsopano, achinyamata a malaputopu oyankhula Chizungu chothamanga. Madepoti anatsegulidwa uku ndi uku. Ine anandikweza, amatero, n'kundipatsa depoti ya ku Area 1. Kukwezako kunali kontena yachitsulo kuseri kwa mashopu, muli sikelo, beseni la sopo, chozimitsira moto ndi mpando umodzi.

Panja anthu ankadutsa ngati nyerere, ogulitsa akukuwa, ma minibasi akuimba mahutala, koma ine tsiku limatha osacheza ndi munthu. Anjinga amangofika injini ili chilirire, kumangirira silinda, ulendo. Komanso ankasinthasintha, ukangozolowera dzina wamva kuti anasiya. Pambuyo pake anandiwonjezera ntchito yotuma anjinga a madepoti ena, anthu amene sindinawaonepo. Ndinkawadziwa ngati timadontho toyenda pamapu a tabuleti, ndi mawu pafoni. Chakudya chamasana ndinkadyera pamwamba pa silinda. Ndinkasowa anzanga a pansi pa mango aja koopsa, koma wina anali atapita ku Mzuzu, wina anasiya, ndipo a Kondwani ndinkangowaona pazithunzi.

Tsiku lovutalo linali Lachisanu. Gasi anali atasowa kwa kanthawi, m'mawa umenewo thiraki itangotsitsa, maoda anagwa ngati matalala. Ndili chiweramire pabeseni, foni yanga inalira. Anali a malume.

“Tadala, limba mtima. Mayi ako atisiya.”

Ndinakhala pansi, siponji ili m'manja. Ndinaimbira a Kondwani, osayankha. Ndinaimba kuofesi, anayankha mayi wina watsopano woyang'anira madepoti. Anali waulemu ndithu. “Pepani kwambiri. Mwati ndinu ndani? A depoti iti?” Nditawauza, anati palibe wondilowa m'malo mpaka madzulo, ndiye ndiyambe ndatulutsa maoda amene alipo.

Ndinawatulutsa. Sikelo, thovu, kapulasitiki, foni. Misozi inkagwera m'beseni momwemo. Mayi wina wa ku Area 13 anandikalipira kuti, “Nyemba zanga zazizira pachitofu, inu mukungoti akubwera, akubwera!” Ndinawapepesa mwaulemu ngati mmene anandiphunzitsira. Palibe ndi mmodzi yemwe pamalopo amene anadziwa kuti mtsikana wa m'kontena uja alibenso mayi. Wondilandira atafika ndinalemba uthenga pagulu lathu lapafoni, kutchula mudzi ndi tsiku loika, n'kuthamangira minibasi.

Kumudzi a malume anandifunsa kuti, “Akuntchito abwera angati? Tiwakonzere malo.” Ine, poganiza za kwa a Nkhoma kuja, ndinayankha kuti galimoto imodzi yodzaza. Sindinakaike n'komwe. A malume anatuma anthu kukabwereka benchi lalitali kutchalitchi, n'kuliika pamthunzi wabwino, kutsogolo. Anapha nkhuku kuti alendo a m'tauni asadye nyemba. Aliyense wofuna kukhala pabenchipo ankamuuza kuti, “Pepani, apa ndi pa akuntchito kwa Tadala.”

Ine ndinali m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi ena, pafupi ndi bokosi, ndipo benchilo linkaoneka bwino pakhomo. Kukamveka injini kumsewu ndinkadzutsa mutu, kenako phokoso lija n'kupitirira. Foni inkanjenjemera m'chitenje. Nditasuzumira, ndinapeza tizithunzi ta manja opemphera tatsatizana, tambirimbiri, tochokera kwa anthu amene ena mayina awo sindinkawadziwa.

Bokosi litatuluka, mwambo unayamba. Anayankhula a banja, a mpingo, a kwaya ya amayi. Kenako woyendetsa mwambo anakweza mawu: “Tsopano timve kuchokera kuntchito kwa mwana wa malemu.” Palibe amene anaimirira. Anabwerezanso, akuyang'ana benchi lija. Anthu onse anatembenuka kuyang'ana komweko. Panali nkhuku yokha ikutolatola pansi pake. A malume anawerama, n'kukodola ndi dzanja kuti mwambo upitirire.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anaposa chisoni, Mulungu andikhululukire. Pochokera kumanda azakhali anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti, “Kodi mwanawe, kuntchitoko umakhala bwino ndi anzako? Paja maliro n'kulirana.” Kwathu benchi likakhala lopanda anthu, safunsa za anthuwo. Amafunsa za iwe, kuti unawalakwira chiyani, kapena ndiwe amene supita pamavuto a anzako. Ndikanawauza chiyani? Kuti anzangawo ndi timadontho?

Nditabwerera kuntchito, a Kondwani anandiimbira foni okha. Anali kunja kokakumana ndi eni ndalama aja, ndipo ankaganiza kuti a kuofesi apita. A kuofesi ankaganiza kuti a kudepoti apita. A kudepoti ndinali ine. Palibe amene anachita zankhanza, ayi. Tinangochuluka mpaka aliyense anayamba kuganiza kuti pali wina amene wapita. Sindinasiye ntchito, koma mawu oti banja aja ndinasiya kuwayankhira.

Patapita miyezi, kadontho kena kanasowa pamapu. Anali a Lyson, wanjinga wa depoti ina, bambo wodekha amene ndinkawatuma tsiku ndi tsiku koma sitinaonanepo. Pagulu lapafoni panabwera uthenga kuti akazi awo amwalira, aikidwa Loweruka ku Nsaru. Tizithunzi ta manja tija tinayamba kutsika. Ine ndinangoimbira mayi woyang'anira uja kuti apeze munthu, Loweruka kontena sinditsegula.

Ndinavala malaya a kampani ndi chitenje, n'kukwera minibasi ndekha. Nditafika ndinadzitchula kwa bambo wina wolandira alendo. Nkhope yawo inawala, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga. “Anzanu ali m'njira?” Ndinati ndilipo ndekha. Ananditengera pabenchi, lalitali ngati lija, ndipo ndinakhala pakati penipeni kuti lisaoneke lopanda anthu kwambiri.

A Lyson sindinkawadziwa nkhope. Ndinangowaganizira poona bambo wina atakhala pansi pafupi ndi bokosi, mutu uli pamaondo, ana awiri atawatsamira. Woyendetsa mwambo ataitana akuntchito, ndinaimirira. Ndinalibe mawu okonzeratu. Ndinangoti, “Zikomo eni mbumba, zikomo nonse. Ine ndachokera kuntchito kwa a Lyson.”

Ndisanapitirize, bambo aja anadzutsa mutu. Anandiyang'anitsitsa, munthu wachilendo, koma mawuwo anali atawamva m'khutu mwawo chaka chonse akuwauza za mageti akuda. Anagwira mkono wa mkulu amene anali pambali pawo, n'kunena mokweza moti ndinamva: “Ndi a Tadala awa. Akuntchito abwera.”

Kuyambira pamenepo, uthenga wa maliro ukabwera pagulu sindifunsa kuti akupita ndani. Ndimafunsa minibasi yake.