Sukulu ya Pakati pa Minda ya Tiyi

Ndinaganiza zochoka ku Thyolo pomwe malipiro auphunzitsi anayamba kuthera pa sopo ndi mchere basi. Mnzanga wina yemwe anakwatiwa ku Nairobi anandiuza kuti sukulu ina kumeneko ikufuna mphunzitsi wa masamu. Makolo anga anali atamwalira, ana ndinalibe. Ndinanyamuka mu 1996.

Sukuluyo inali kunja kwa mzinda, pakati pa minda ya khofi. Anaiyambitsa ndi makolo, ndipo ankaiyendetsa okha boma litawapatsa chilolezo. Ine ndinkakhala mu mzinda, kudera la South B, n'kumakwera minibasi, zomwe kumeneko amati matatu, m'mawa uliwonse. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo la kalasi kukamwa kuli yasa. Mwana wa mzungu mwini munda, mwana wa mmwenye wa sitolo ndi ana a anthu othyola khofi anali pa benchi imodzi, akulimbirana rula. Kwathu ndinali ndisanazionepo.

Sikuti zonse zinkayenda myaa. Ana a antchito atachuluka, azungu ena anachotsa awo. Ndinadandaula, koma mphunzitsi wamkulu, mayi wa Chikikuyu, anangoti, "Mwalimu, musawathamangire. Phunzitsani amene atsalawa."

Chondivuta chinali Lamulungu. Kutchalitchi ankaimba m'Chiswahili, ine n'kumatsatira m'Chichewa chamumtima. Ndikawaimbira foni achimwene anga a Fredi, omwe ankagwira ntchito mu ofesi ya esiteti ya tiyi kwathu ku Thyolo, nkhani inkakhala ya nsapato ndi fizi ya ana awo. Ndinkatumiza, koma palibe tsiku anandifunsa ngati ndili ndi wocheza naye.

Ndinabwerera mu 2005 ndi cholinga chotsegula sukulu yotereyi kwathu. Ampingo anandibwereka holo. Ndinkaopa kuti azungu ndi amwenye ndi amene akane. Koma mkazi wa makaniko wachizungu wa pa esiteti anabwera yekha kudzalembetsa mwana, ndipo mmwenye wa sitolo ya pa boma anabweretsa awiri.

Kenako ndinapita kwa achimwene, omwe tsopano anali manijala. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akuzunguza makiyi a galimoto pachala.

"Achemwali, maganizowo ndi abwino," iwo anatero. "Koma ana anga azikhala pamodzi ndi ana a othyola tiyi? Antchito adzandiona bwanji?"

Mayi athu anathyola tiyi m'minda yomweyo mpaka msana unapindika kuti ifeyo tiphunzire, ndipo achimwene ankadziwa zimenezi monga ndinkadziwira ine.

Sukulu inatsegulidwa, ndipo ilipobe. Mamanijala achikuda onse anatsatira achimwene, palibe anabweretsa mwana. M'mawa uliwonse, ndikamaimba belu, galimoto ya achimwene imadutsa pamsewu kupita ndi ana kusukulu ya ku Limbe. Wamng'onoyo amatsitsa galasi n'kukuwa kuti, "Azakhali!" Ana a sukulu yanga onse pa mzere amamubayibitsa mpaka galimotoyo itakhota.