Dailes Anakana Kutuluka Pansi pa Galimoto

Inu amene mantha amakutsekani pakamwa, imvani za Dailes wa ku Lifuwu.

Tsiku limene ankaika maliro a mwamuna wake Lenard, Dailes sanamve nyimbo ngakhale imodzi mwa zimene amayi a mpingo ankayimba. M'makutu mwake munkangolira kaphokoso kamodzi: kete, kete, kete.

Kaphokosoko ankakadziwa bwino. Lenard ankayendetsa galimoto yakale yokoka matayala onse anayi, kunyamula mpunga wa alimi kupita nawo ku Salima. Kwa milungu iwiri, galimotoyo ikamatuluka pakhomo m'mawa, Dailes ankamva kete kete pansi pake. Tsiku lina anamuuza mwamuna wake, koma panali anzake awiri pomwepo.

"Mayi, inu ndi galimoto mwadziwana liti?" Lenard anatero akuseka. "Ndi kamwala kameneko, kakanirira m'tayala."

Anzake aja nawonso anaseka. Dailes anachita manyazi ndipo sanabwerezenso. Patapita masiku anayi, chitsulo chachitali cha pansi pa galimoto chinamasuka ili pa liwiro, chinazika mumsewu, galimoto n'kugubuduka ndi matumba omwe.

Maliro atatha, achibale a mwamuna anasesa katundu yense m'nyumba monga zimachitikira. Dailes anatsala ndi ana awiri, mphasa ndi ndowa. Ndowa yomweyo ndi imene anapita nayo ku Senga Bay kukayamba ganyu wotsuka magalimoto.

Ntchitoyo ankaidziwa kale. Madalaivala ambiri a kunyanja amakonda kulowetsa galimoto m'madzi osaya kuti iyere mpaka kunsi, ndipo Loweruka lililonse Dailes ankamuthandiza Lenard kuchita zomwezo. Koma tsopano galimoto inali chilombo kwa iye. Injini ikangolira, ankasiya nsanza n'kukaima patali.

Chimene chinkamudya kwambiri chinali funso limodzi: kodi chinkalira chija chinali chiyani? Tsiku lina analimba mtima n'kupita kwa a Hashim, makaniko wachikulire amene anali ndi galaji pansi pa mitengo ya mango pafupi ndi msika. A Hashim sanaseke. Anamuuza kuti afotokoze bwinobwino kaliridwe kake, kenako anakatenga kachitsulo kooneka ngati mtanda.

"Aka timati kolosi," anatero. "Kamalumikiza shafiti, chitsulo chachitali chija chimene chimapereka mphamvu ku matayala. Girizi akatha m'kati mwake, kamayamba kulira. Mukakanyozera, kamathyoka. Kodi galimotoyo munkatsukira kuti, mayi?"

"M'nyanja, bambo."

A Hashim anati, "Madzi amakokolola girizi, mchenga n'kulowa m'malo mwake. Ndawauza madalaivala mpaka mawu kusasa."

Dailes anangokhala pa dothi pomwepo. Anakumbukira manja ake akukapiza madzi kunsi kwa galimoto ija, akuimba, akuti akuthandiza mwamuna wake. Analira kulira kumene sanalire pa maliro. Atapukuta misozi ananena mawu amodzi okha.

"Ndiphunzitseni."

Musaganize kuti zinayenda myaa. Dailes anasiyira sukulu sitandade 6, moti mayina a masipanala ankawaloweza ngati nyimbo. Anayamba ndi kutsuka zitsulo m'palafini. Zikhadabo zinathetheka, amayi anzake kumpingo n'kumanong'onezana kuti wasokonezeka mutu ndi chisoni. Patatha chaka ankasintha mabuleki, ankamasula injini, ndipo khutu lake linali lakuthwa kuposa la aliyense pa galajipo.

Chimodzi chokha chinamukanika: kulowa pansi pa galimoto. Akangogona chagada n'kuona zitsulo pamwamba pa nkhope yake, mpweya unkamuthera. Ankaona Lenard ataphinjika. Ankatuluka chokwawa, thukuta lili kamukamu. Amakaniko anzake anamupatsa dzina loti Makaniko wa Pamwamba, ndipo kunena zoona dzinalo linkamuyenera.

A Hashim sanamukakamize. "Tsiku lake lidzafika, Inshallah," ankangotero.

Linafikadi, koma linasankha tsiku limene a Hashim anali atapita ku Lilongwe kukagula zitsulo ndipo amakaniko ena anali atapita kukakoka lole ku Lifuwu. Linali Loweruka m'mawa. Pa galaji panaima galimoto yakale ya loji ina ya ku Senga Bay, yokoka matayala onse anayi. Inali itadzaza antchito a pa lojipo, anthu khumi ndi mmodzi, atatchena zitenje zofanana, ulendo wa ku chinkhoswe cha mnzawo ku Chinguluwe. Dalaivala wake, Davie, ankangofuna mpweya wa tayala limodzi.

Koma pamene galimotoyo inkalowa, Dailes anamva kete, kete, kete. Anayang'ana matayala n'kuona mchenga wonyowa wa kunyanja.

"Achimwene, galimoto yanuyi ikulira pansi," anatero.

"Ndi kamwala kameneko, mayi," Davie anayankha. "Tipopereni tayalali, tachedwa kale."

Mawu omwe aja. Ena m'galimotomo anayamba kuseka, ndipo manyazi akale aja anamubwerera Dailes. Akanatha kupopa tayala, kulandira zikomo, n'kuwasiya azipita. Ndiponso akanakhala kuti walakwitsa, dzina la a Hashim likanaipa, iyeyo n'kubwerera ku ndowa yake. Koma pampando wakutsogolo panali mkazi wa Davie, Monica, atafukata khanda, ndipo iye yekha sankaseka.

Dailes anatenga choko, monga anamuphunzitsira a Hashim, n'kulemba mzere pa tayala lakumbuyo.

"Ndipopa, koma yambani mwayendetsa pang'onopang'ono mpaka pa mtengo uwo."

Davie anapukusa mutu koma anayendetsa. Dailes ankatsatira m'mbali atawerama, maso pa choko, khutu pansi. Kamwala ka m'tayala kamalira kamodzi tayala likazungulira kamodzi. Apa choko chisanabwerere pamwamba, kete kete anali atamveka kanayi. Anauza Davie kuti akhotetse chiwongolero, koma kaliridwe sikanasinthe. Anamuuza kuti aike giya yobwerera m'mbuyo, ndipo pansi panamveka khu! Chimene chinkalira chinkazungulira mofulumira kuposa tayala, ndipo pansi pa galimoto chinthu chotero ndi shafiti.

Khutu linali litamaliza ntchito yake. Chotsala chinali kukagwira ndi dzanja, ndipo panalibe wina woti amutume.

Anauza Davie kuti azimitse injini ndi kuchotsa giya. Anapinga matayala onse ndi miyala ikuluikulu. Kenako anagona chagada pa katoni. Zitsulo zinamuyandikira kumaso, fungo la oilo linamutsamwitsa, mpweya unayamba kuthawa monga mwa masiku onse. Anatsinzina, anatchula mayina a ana ake awiri, n'kudzikankha ndi zidendene mpaka m'kati.

Atatsegula maso anaona kafumbi kofiira ka dzimbiri kuzungulira kolosi ya kutsogolo kwa shafiti. Anagwira shafiti n'kuigwedeza. Inagwedera ngati dzino loti lizuka lero lomwe.

"Galimotoyi siyenda," anatero ali pansi pomwepo. "Kolosi yatha."

"Mayi, tulukani," Davie anakalipa. "Galimotoyi ndaiyendetsa zaka zisanu ndi ziwiri. Tikaikonza tikabwerako."

"Simukabwerako. Sindituluka mpaka mutalowa muone nokha."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati mayiyu akufuna kupanga ntchito pamene palibe. Davie, pofuna kumuopseza kuti athawe, anakwera n'kuliza injini.

Galimoto yonse inanjenjemera pamwamba pa Dailes. Utsi unamulowa m'maso, chitsulo chotentha chinali pafupi ndi tsaya lake. Ankadziwa kuti giya njochotsa ndipo miyala ilipo, koma mantha samva zimenezo. Mano ankagundana, misozi ikutsikira m'makutu, thupi lonse likumuuza kuti akwawe atuluke. Anagwira shafiti ija ndi manja awiri ndipo sanasunthe.

Kenako anamva chitseko chikutseguka. Anaona mapazi a mzimayi akutsika n'kuima pafupi ndi mutu wake.

"Bambo a mwana, zimitsani," anali mawu a Monica. "Nanenso ndakhala ndikukamva kaphokosoko mlungu wonse, ndimangoopa kunena. Ine ndi mwanayu sitikweranso mpaka mukaone."

Injini inazima. Davie anavula jekete lake la ku chinkhoswe n'kukwawira pansi. Dailes anatenga dzanja lake n'kuliika pa shafiti. Davie anagwedeza kamodzi, kafumbi kofiira kaja n'kumugwera kumaso.

Dailes anamasula shafitiyo yekha, ali pansi pomwepo. Atatulutsa kolosi, m'kati mwake munalibe girizi ngakhale wa dontho. Tizitsulo tonga singano timene timakhala m'menemo tinali titasanduka ufa wosakanikirana ndi mchenga, ndipo mkono umodzi wa mtanda uja unali utadyeka, utang'aluka kale. Davie anauyang'ana, anayang'ana khanda lake, n'kukhala pansi pa dothi, pamalo pomwe Dailes anakhala tsiku lija.

"Pepani, mayi," anatero motsitsa mawu.

Anthu aja anapita pa minibasi. Anafika chinkhoswe chili kumapeto, nkhuku zitatha, ena akudandaulabe za nsapato zawo zatsopano zimene zinada ndi fumbi. Madzulo onse khumi ndi mmodzi anabwerera kwawo, ndi khanda lomwe.

A Hashim atabwerako anaitembenuza kolosi ija m'manja n'kuthokoza Mulungu kuti, "Alhamdulillah." Kenako anatenga ovolosi yatsopano imene ankaisunga n'kumupatsa Dailes. Dzina la Makaniko wa Pamwamba linafera pomwepo.

Lero Dailes ali ndi galaji yakeyake pamsewu wa ku Senga Bay, ndipo madalaivala a maloji amachita kudikirana pamzere kuti awamvetsere magalimoto awo. Pakhomo anakhoma chikwangwani cholemba ndi dzanja: Galimoto si bwato, musaitsukire m'nyanja. Kolosi ija anaipachika pamsomali pafupi ndi chithunzi cha Lenard. Mukamufunsa ngati mantha anatha, amakuuzani zoona, kuti mpaka lero amayamba watchula mayina a ana ake asanalowe pansi pa galimoto.

Mwina nanunso pali kete kete amene mukumumva, kunyumba, kuntchito kapena m'thupi mwanu, ndipo munanenapo kamodzi anthu n'kukusekani. Nenaninso. Musadikire kuti mantha ayambe atha, chifukwa Dailes anapulumutsa anthu aja akunjenjemera. Osataya mtima, ndipo osakhala chete.