Ankati Abambo Amaweta Mphenzi

Abambo anga, a Nathaniel Kamphinda, anagwira ntchito ya matelefoni zaka makumi atatu. Sukulu anaphunzira ku Mvera, ndipo kuchokera pamenepo moyo wawo unali wa mawaya basi: kukwera mapolo, kulumikiza, kutsika. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwathu ku Dowa, pamtunda poyang'anana ndi mapiri a Ntchisi. Anabwera ndi chinthu chimene ankachikonda kuposa mbuzi ndi fodya, wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, ndipo anali ndi chiphaso chake. Akaweruka kumunda ankalowa m'kachipinda kakuseri n'kumacheza ndi anzawo a ku Zambia, a ku Joni, nthawi zina mpaka a ku Ulaya. Kunja anaimika mlongoti wachitsulo wotalika kuposa mtengo wa mango, eriyo ili pamwamba. Ine Judith, mwana wawo, ndinkaphunzitsa pasukulu yapafupi, ndipo ndinkakhala nawo chimwalirireni amayi.

Mphenzi ankaiopa chifukwa ankaidziwa. Kuchokera pamlongoti anatsitsa waya wonenepa wa kopa mpaka pa ndodo zitatu za kopa zimene anakhomera pansi, m'maenje othiramo makala ndi mchere. Mu Okutobala, nthaka ikauma gwa, ankathirira maenjewo ngati dimba. Mitambo ikangoyamba kuda kumapiri, ankamasula chingwe cha eriyo kuwailesi n'kuchiponya kunja pazenera. Ngakhale kunja kuli ngwee, sankatsegula wailesiyo asanagwire kaye chitsulo chokhudza pansi. Ankati thupi la munthu limasunga timagetsi tokwanira kuwononga tizipangizo ta m'kati.

Tsiku lina mu Januwale kunagwa mvula ya mabingu masanasana. Mayi Faines, akazi awo a Elia oyandikana nafe, ankabandira chimanga. Anathawira pansi pa mkuyu wa pakati pa munda, ndipo mphenzi inawapeza pomwepo. Matabwa a bokosi anapereka ndi abambo. Koma manong'onong'o anayambira pamaliro pomwepo: a Kamphinda amaweta mphenzi, waya uja ndiye chingwe chake.

Patatha sabata a Elia anabwera ndi a Vinsenti, mkulu wa mpingo, amene anakhala benchi limodzi ndi abambo m'kalasi ku Mvera.

"Achimwene, anthu mitima ili m'mwamba," anatero a Vinsenti. "Chotsani waya uja kuti pakhale mtendere."

"Waya uja saitana mphenzi, a Vinsenti. Amailondolera pansi kuti isavulaze munthu. Inu munaphunzira, mukuzidziwa zimenezi."

"Ine ndikudziwa. Koma anthu sakudziwa."

"Ndiyetu auzeni."

A Elia, maso ali psu, anafunsa kuti, "Nanga tsiku lija bwanji sanailondolere pansi?" Abambo anayamba kufotokoza za mtengo wautali woima wokha m'munda, koma namfedwa sungamuphunzitse. A Elia anadzuka osatsazika.

A Elia sindidana nawo, anali ndi chisoni. Amene ndimalephera kuwakhululukira ndi a Vinsenti. Lamulungu lotsatira anaimirira kutsogolo m'tchalitchi, analengeza za msonkhano wa amayi ndi za njerwa zofunika kuumba, koma za abambo sanatchulepo ngakhale liwu limodzi.

Lachitatu abambo anapita kuboma kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Anachoka mothamangira minibasi, chingwe cha eriyo chili chilumikizire, kamodzi kokha m'zaka khumi. Ine ndinali kusukulu. Anthu anabwera ndi makasu ndi zikwanje, anadula waya, anazula ndodo zonse zitatu. Mlongoti anausiya chiimire, poti panalibe wolimba mtima woti n'kuukhudza.

Abambo anatsika minibasi cha m'ma thiri koloko, kumapiri kutada bii. Ataona maenje ali yasa anataya ambulera n'kuyamba kuthamanga kuti akamasule chingwe cha eriyo, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. Mphenzi inagwa pamlongoti dzanja lawo lili pachingwe.

Ndinawapeza ali kwala pakhomo la kachipinda kaja, m'nyumba monse mukununkha mphira wopserera. Wailesi inali itasanduka khala. Abambo anachira, koma zala za dzanja lamanja zinapindika osawongokanso, ndipo khutu limodzi linagontha. Masabata atatu amene anagona m'chipatala, kumpingo kwathu kunabwera anthu awiri okha kudzawazonda. Kumudzi ankati, "Mwaona? Yamutembenukira mwini wake." Ena ankanena zimenezi pamjigo ine ndili pomwepo, osatsitsa n'komwe mawu.

Abambo sanagulenso wailesi ina. Mlongoti tinaugwetsa, ndipo lero nkhuku zimagona pa zidutswa zake. Anzawo a ku Zambia analemba kalata kufunsa chifukwa chimene anazimiririka. Abambo anandiuza kuti ndiyankhe kuti akalamba.

Chaka chatha mpingo unamaliza tchalitchi chatsopano, chokhala ndi nsanja ya belu, pamwamba penipeni pa chitunda. Mmisiri anawauza kuti pakufunika chotetezera mphenzi. Tsiku lina m'mawa ndinaona a Vinsenti akulowa pabwalo pathu, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, inu ndi amene mumazidziwa zinthu zimenezi."

Ndinaima pakhomo kudikira kuti abambo awakumbutse. Iwo anangoti, "Judith, ndipatse pepala ndi pensulo."

Anajambula ndi dzanja lamanzere, mizere yokhotakhota ngati ya mwana wa sitandade wani: ndodo zingati, zilowe pansi motani, waya akhale wonenepa bwanji. Zinawatengera ola lathunthu. A Vinsenti anapinda pepalalo bwinobwino, anati Mulungu akudalitseni, navala chipewa. Mawu oti pepani sanatuluke.

Atachoka ndinafunsa abambo chimene anawathandizira.

"M'tchalitchi muja mumakhala ana," anatero, kenaka anapempha madzi akumwa.

Waya anaikadi, amaoneka ukamadutsa pamsewu. Ine m'tchalitchimo sindinalowemo mpaka lero.